Ola Limene Mphepo Idzatembenuke



Nkhani yanga ikuchokera kutali, ku Australia, m'chigawo cha Victoria kumene kuli mzinda wa Melbourne. Kumeneko chilimwe chimagwa mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene ife timakhala tili kalikiliki kupalira ndi kubandira. Ife tikamadandaula za matope, kwawo udzu umakhala utauma gwa. Nthawi imene amaiopa kwambiri ndi kumapeto kwa chilimwecho, chifukwa chinyezi chimene nthaka ndi mitengo zinasunga chimakhala chitatheratu, pomwe dzuwa likadali ndi ukali wake wonse.

Ndikamba za tsiku limodzi, Loweruka pa 7 Febuluwale 2009, limene eni ake amalitcha Black Saturday. Moto wolusa unapha anthu 173, unatentha nyumba zoposa 2,000 ndi malo oposa mahekitala 400,000. Chimene chandichititsa kulisankha n'chakuti ulosi wa zanyengo wa tsikulo unali wolondola. Akatswiri a Bureau of Meteorology ananeneratu kudakali masiku. Lachisanu lake, mtsogoleri wa boma la chigawocho, John Brumby, anaima pamaso pa atolankhani n'kuchenjeza kuti kukubwera tsiku loipa kuposa onse amene Victoria inawaonapo. Boma linaletsa kuyatsa moto panja m'chigawo chonse. Ozimitsa moto zikwizikwi anagona ali tcheru. Palibe amene anabisa kanthu, koma anthu anafabe chonchi. Ife amene ntchito yathu ndi kutenga mawu a akatswiri n'kukawatula kwa anthu, nkhani yotere iyenera kutisowetsa tulo.

Tiyambe ndi mmene zinthu zinalili tsikulo lisanafike. Victoria inali itakhala m'chilala zaka zoposa 10, kuyambira cha m'ma 1997. Ngakhale zigwa za m'mapiri zimene zimakhala zonyowa chaka chonse, zimene kale zinkaimitsa moto, zinali zitauma. Kenako kumapeto kwa Januwale kunabwera kutentha kosaneneka: masiku atatu otsatizana, kuyambira pa 28 mpaka pa 30, Melbourne inapitirira madigiri 43. Njanji za sitima zinapindika, magetsi anazima m'madera ena. Mitengo inagwetsa masamba pofuna kudzipulumutsa, ndipo masambawo anawonjezera chakudya cha moto pansi.

Pa nthawiyo anthu a ku Australia anali ndi njira yoyezera kuopsa kwa tsiku, ndipo ndikufuna tiimvetse bwino chifukwa muli phunziro limene ambiri salidziwa. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, katswiri wa zankhalango dzina lake Alan McArthur ankayatsa dala moto m'timagawo ta nkhalango kufupi ndi Canberra, n'kumayeza liwiro lake pa nyengo zosiyanasiyana. Zimene anapeza anaziika pa kachipangizo ka katoni kozungulira, ka timagudumu tosanjikizana tomangidwa pakati, kokwana m'thumba. Woyang'anira nkhalango amazunguza kagudumu koyamba molingana ndi kuuma kwa nthaka ndi masiku amene apita chigwere mvula, kena kutentha, kena chinyezi cha mumpweya, komaliza liwiro la mphepo, ndipo nambala ya tsikulo imaonekera. Nambalayo ikapitirira 50, ankati tsikulo ndi loopsa zedi. Malire ake anawaika pa 100, potengera nyengo ya pa 13 Januwale 1939, pamene moto wina unapha anthu 71 ku Victoria komweko. Iye ankaona kuti kuposa pamenepo nyengo singafike. Pa 7 Febuluwale 2009 nambala inadutsa 100 kutalitali m'malo ambiri.

Tsono tamverani masamu amene ali m'kachipangizoka. Kuti nambala ija iwirikize kawiri chifukwa cha kutentha kokha, kutenthako kuyenera kukwera ndi madigiri pafupifupi 20. Koma mphepo ikangowonjezera liwiro ndi makilomita 30 pa ola, nambala imawirikizanso kawiri. Chinyezi cha mumpweya chikatsika ndi maperesenti 20, chimodzimodzi. Kodi munaonapo kutentha kukukwera ndi madigiri 20 pa ola limodzi masana? Sizichitika. Koma mphepo imatha kulumpha makilomita 30 amenewo munthu asanamalize kudya nsima. Pa wailesi timakonda kukuwa nambala ya madigiri chifukwa ndi imene thupi limamva ndipo anthu amaikambirana m'minibasi. Kwa moto, madigiri ndi nambala yochedwa kusintha. Yosintha msanga ndi mphepo.

Chinyezi nachonso musachipeputse. Chipika chachikulu chimatenga masabata kuti chiume, koma udzu, masamba ndi timitengo tating'ono zimatsatira mpweya pa ola limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake tchire limene linakana kuyaka m'mamawa limalilima pofika 2 koloko masana, likhale lomwelo. Pa tsiku lija chinyezi chinatsika kufika pansi pa maperesenti 10.

Mphepo ya tsikulo inachokera kuti? Pakati pa dziko la Australia ndi chipululu. Mpweya ukaunjikana pa nyanja ya Tasman chakummawa, umakoka mphepo yotentha ndi youma ya m'chipululumo kuitsitsira kummwera, ku Victoria. Nthawi yomweyo kuchokera ku nyanja yaikulu ya kummwera kumakhala kukubwera mpweya wozizira, ndipo ukamayandikira, mphepo yotentha ija imathamanga kwambiri. Ndi zimene zinachitika. Pofika masana mphepo ya kumpoto chakumadzulo inkafika makilomita oposa 100 pa ola m'malo ena. Melbourne inafika madigiri 46.4, kuposa mbiri ya mu 1939. Ku Hopetoun anayeza 48.8.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko, waya wakale wa magetsi unaduka pa phiri lina ku Kilmore East, kumpoto kwa Melbourne, n'kuyatsa udzu. Moto umenewu wokha unadzapha anthu 119. Unalowa m'munda wa paini, unadutsa msewu waukulu wa Hume, kenako unalowa m'nkhalango ya bulugama ya pa Mount Disappointment. Pa chitunda moto umawirikiza liwiro kawiri pa madigiri 10 alionse a kupendekeka kwa malo, ndiye pokwera phirilo unali wosagwirika.

Bulugama tonse timamudziwa, anachokera komweko. Mukadzadutsa pa munda wa bulugama, dzaimeni pang'ono muyang'ane thunthu lake. Pa mitundu ina khungwa limasendeka lokha m'mizere yaitali, n'kupindika ngati kampope, n'kumalendewera m'nthambi. Likagwira moto limayaka pang'onopang'ono cham'kati, ndipo n'lopepuka. Utsi wa moto waukulu umalinyamula kupita nalo m'mwamba, mphepo n'kukalitaya patsogolo likadali ndi moto. Ofufuza anapeza kuti pa tsikulo makungwa otere anakayatsa moto watsopano pa mtunda woposa makilomita 30. Taganizani za munthu amene wauzidwa kuti moto uli makilomita 20 kuchokera kwawo. Iye akuwerengera maola, pomwe mbaliwali zayamba kale kugwera kuseri kwa nyumba yake. Utsiwo unakwera mpaka kupanga mitambo yakeyake ya mabingu, ndipo mphezi za mitamboyo zinayatsanso moto wina.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Moto woyendetsedwa ndi mphepo yamphamvu umatenga maonekedwe a tsamba la chimanga: wautali, wowonda. Mutu wake, kumene mphepo ikulowera, ndi woopsa koma ndi wopapatiza. Nthiti zake ziwiri n'zazitali koma zimayaka mofatsirako, ndipo n'kumene ozimitsa moto amagwirako ntchito. Anthu okhala cham'mbali amaona utsi ukudutsa patali n'kumati tapulumuka, wapita kwina. Pofika 5 koloko madzulo, nthiti ya kummawa ya moto wa Kilmore East inali yaitali makilomita pafupifupi 55.

Ndiye mpweya wozizira uja unafika, pakati pa 5.30 ndi 6.30 madzulo. Mu mzinda wa Melbourne anthu anapumira m'mwamba, kutentha kunatsika ndi madigiri oposa 10 m'kanthawi kochepa, anatsegula mawindo. Kumapiri mphepo yomweyo inatembenuka, kusiya kuchokera kumpoto chakumadzulo n'kuyamba kuchokera kummwera chakumadzulo. Nthiti yonse ija ya makilomita 55 inasanduka mutu nthawi imodzi. Moto unathamangira kumpoto chakummawa, kudutsa dera la Kinglake mpaka ku Flowerdale. Moto wina, umene unayambira ku Murrindindi cha m'ma 3 koloko, unali ukudutsa cham'mbali mwa tauni ya Marysville. Mphepo itatembenuka unalowa m'tauniyo nthawi isanakwane 7 koloko, ndipo nyumba zimene zinatsala zinali zowerengeka. Ena anapulumuka pothawira pakati pa bwalo la masewera la Gallipoli Park, n'kugona pomwepo usiku wonse.

Kutembenuka kwa mphepoku sikunali kwachilendo. Pa 16 Febuluwale 1983, tsiku lotchedwa Ash Wednesday, anthu 75 anafa ku Victoria ndi ku South Australia, ndipo ambiri anafa mphepo itangotembenuka, kuphatikizapo ozimitsa moto odzipereka 12 ku Upper Beaconsfield. Wozimitsa moto aliyense amaphunzitsidwa zimenezi. Mu 2009 akatswiri a zanyengo analoseranso za kutembenukako, ndipo masana onse ankatumiza ku likulu la ozimitsa moto nthawi imene akuyembekezera kuti kufike. Chimene chinasowa ndi munthu woti atenge mapu a moto ndi ola la mphepo, aziike pamodzi, n'kuuza anthu a ku Marysville ndi ku Kinglake kuti pofika nthawi yakuti, moto mukuuonera pambaliwu ukhala pakhomo panu.

Bungwe limene linafufuza za ngoziyi, lotsogozedwa ndi woweruza milandu Bernard Teague, linapereka lipoti lake lomaliza mu Julaye 2010, lokhala ndi malangizo 67. Linapeza kuti machenjezo ambiri anafika mochedwa, ena sanafike n'komwe, ndipo akuluakulu sanaikepo mtima mokwanira pa kuchenjeza anthu. Matelefoni anadzaza, tsamba la pa intaneti linkatsalira m'mbuyo mwa moto, magetsi atazima anthu anatsala ndi wailesi ya mabatire yokha. Linapezanso kuti moto usanu mwa ukuluukulu wa tsikulo unayamba chifukwa cha mawaya a magetsi, wina unayatsidwa dala.

Panalinso vuto la langizo limene anthu anakula nalo: konzekera n'kukhala kuti uteteze nyumba yako, apo ayi choka kudakali nthawi. Langizoli silinali lopusa. Kafukufuku wa m'mbuyomo anaonetsa kuti ambiri amafera m'misewu pothawa mochedwa, komanso kuti nyumba zambiri zimapsa ndi mbaliwali zimene munthu wokhala ndi ndowa ndi mopu akhoza kuzimitsa. Koma linapangidwira moto wamba. Pa Black Saturday anthu oposa 100 anafera m'nyumba, ena ali ndi mapampu ndi matanki a madzi amene anakonza bwinobwino. Mapaipi apulasitiki anasungunuka, mapampu anazima. Ndipo ambiri sanasankhe kukhala kapena kuchoka. Anachita zimene munthu aliyense amachita, kudikira kaye aone. Ine sindiwaweruza. Anali atamvapo mawu akuti "koopsa zedi" kangapo chilimwe chomwecho, masiku n'kumadutsa popanda kanthu. Liwu limodzi lomwelo linkanenedwa pa tsiku la nambala 55 ndi pa tsiku la nambala yoposa 100.

Zimenezi anazikonza chaka chomwecho cha 2009. Anawonjezera gawo latsopano pamwamba penipeni, limene ku Victoria analitcha Code Red, ndipo uthenga wake unali wosazungulira: pa tsiku lotere nyumba sizinamangidwe kuti zipirire, chokani usiku wake kapena m'mamawa. Anakhazikitsa njira yotumizira chenjezo pa foni ya aliyense amene ali m'dera loopsezedwa. Anasankhiratu malo othawirako zikafika povuta. Mu Seputembala 2022 dziko lonse linayamba kugwiritsa ntchito magawo anayi okha, lililonse ndi chochita chake. Langizo lina la bungwe lija, loti chaka chilichonse azitentha dala maperesenti 5 a nkhalango za boma pochepetsa zinyalala, linabutsa mkangano, ndipo patapita zaka zochepa boma linalisiya n'kuyamba kusankha malo otentha potengera kuyandikira kwa midzi. Pamenepa ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa kuthamangitsa chiwerengero cha mahekitala kumachititsa munthu kukatentha kutali kumene kuli kosavuta.

Abale athu amene ali ku Cape Town amakhala m'nyengo yofanana ndi ya ku Victoria, ya chilimwe chouma ndi champhepo. Ena a iwo anaona ndi maso pa 18 Epulo 2021 moto ukutsika phiri n'kulowa pa University of Cape Town, kumene unatentha nyumba ya mabuku ya Jagger, mmene munali zolembedwa zambiri za mbiri ya Africa.

Nanga kuno kwathu? Ndisakunamizeni kuti zimene zinachitika ku Marysville zichitika mawa pa Dedza. Moto wa m'nkhalango zathu zachilengedwe kawirikawiri ndi wa udzu, umayenda pansi, ndipo mpweya wozizira wotembenuza mphepo m'chigawo chonse pa ola limodzi ndi wa maiko a kummwera kwenikweni. Koma mapeto a chilimwe tili nawo, kuyambira Seputembala mpaka chizimalupsa chitagwa. Tili ndi paini wa ku Chikangawa, munda wa mahekitala pafupifupi 53,000 umene moto wausakaza kambirimbiri, tili ndi wa ku Zomba ndi ku Dedza, tili ndi mkungudza wa pa Mulanje umene mbande zake sizipirira moto. Tili ndi bulugama m'mphepete mwa masukulu, ndi nyumba zofolera ndi udzu zoyandikana ndi nkhokwe. Ndipo moto wathu pafupifupi wonse umayatsidwa ndi munthu: wosaka mbewa, wofula njuchi, wootcha makala, wososa m'munda. Zimenezi n'zokhumudwitsa, komanso zikutanthauza kuti pali munthu woti n'kumulankhula, pomwe waya wa magetsi ndi mphezi sizimva chenjezo.

Mphepo yathu nayo imatembenuka, kungoti m'dera laling'ono. M'mapiri masana imakwera chitunda, dzuwa likapendeka imatsika. M'mbali mwa nyanja masana imachokera kumadzi, usiku imabwerera. Yoopsa kwambiri ndi ya mu Okutobala ndi Novembala, pamene mtambo wa mabingu waunjikana chapatali. Mtambowo umatsogoza chimphepo chozizira chochokera mbali ina, nthawi zambiri mvula yake osafika. Anyamata amene akuzimitsa moto ndi nthambi cham'mbali, akangomva kamphepo kozizira kumaso, asayambe kusangalala kuti mvula ija yabwera. Athawire ku lupsa, kumene kwapsa kale, osati kukwera phiri kutsogolo kwa moto.

Chaka chilichonse cha mu Ogasiti akatswiri a maiko a SADC amakumana pa msonkhano wa SARCOF n'kulosera za nyengo ya chigawo chino, kenako nthambi yathu yoona zanyengo imatulutsa ulosi wa dziko lino. Maso athu onse amakhala pa mvula, ndipo m'pake, ndife alimi. Koma ulosi ukati mvula ichedwa, ukunenanso kuti nyengo ya moto italika, ndipo chaka chimene mvula inagwa yambiri chimasiya udzu wautali woti udzapse. Mbali imeneyi siikambidwa. Chikhalidwe chomvera chenjezo la mphepo tili nacho kale: wailesi ikati kunyanja kukhala mwera, msodzi wanzeru sakankha bwato. Ndikupempha anzathu a pa wailesi kuti m'miyezi yakumapeto kwa chilimwe mulimi wa kumtunda azimvanso zofanana. Mukatha kuwerenga madigiri a ku Ngabu ndi ku Karonga, funsani a zanyengo kuti mphepo ilimba nthawi yanji, ichokera kuti, ndipo isintha nthawi yanji. Kenako nenani chochita: lero musatenthe mapesi, kapena tenthani dzuwa litalowa mphepo itagona, muli anthu angapo, mutalambula m'malire.

Alangizi a zankhalango muli ndi umboni wina wapafupi. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, kuyambira mu 1933 anagawa nkhalango yofanana ndi yathu m'zigawo: kwina ankatentha kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse, kwina kumapeto, kwina osatentha konse. Colin Trapnell atalemba zotsatira zake mu 1959, zinaoneka kuti kumene ankatentha mochedwa mitengo ikuluikulu ya mtundu wa mombo inatha, pomwe kotentha msanga nkhalango inakhalabe. Malo ake amodzi, wotentha mmodzi, kusiyana mwezi wokha. Woyatsa moto mu Juni ndi woyatsa mu Okutobala tisamawaike m'gulu limodzi tikamaphunzitsa m'midzi, chifukwa tikaletsa zonse mofanana anthu amatimvera mu Juni, udzu n'kudikira Okutobala.

Pali chiwerengero china cha ku Victoria chimene sichitchulidwa kawirikawiri. A zaumoyo atawerengera imfa za sabata yotentha ija ya kumapeto kwa Januwale 2009, anapeza kuti kunafa anthu 374 kuposa amene amafa pa nthawi yotere zaka zina. Ndi oposa kawiri amene anafa ndi moto. Ambiri anali okalamba a zaka zopitirira 75, odwala mtima kapena impso, ena okhala okha m'nyumba zimene usiku sizinkazizira. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madigiri amapitirira 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo denga la malata lopanda siling'i limasunga kutenthako mpaka usiku. Chenjezo la tsiku lotere litchulenso agogo: wina akawaone masana, awatulutse m'nyumba akakhale pamthunzi, awapatse madzi ngakhale akukana kuti alibe ludzu, chifukwa munthu wokalamba samva ludzu msanga.